Kodi makauboyi onse anali azungu?

Funso: Malemu bambo anga anagwira ntchito zaka zambiri ku migodi ya ku Zambia, ndipo anabwerako akukonda kwambiri mafilimu a makauboyi. Ndi iwo anandizoloweza. Masiku ano ndimawapeza pa YouTube n'kumaonera ndi ana anga. Tsono mwana wanga wamkazi, amene ali Fomu 3, wandifunsa mafunso amene andisowetsa choyankha. Akuti n'chifukwa chiyani mulibe kauboyi wakuda ngakhale mmodzi? Nanga anthu ovala nthenga aja, amene timati ma Red Indian, analakwa chiyani kuti azingophedwa ife n'kumaomba m'manja? Kodi zinalidi choncho? Ndipitirize kuonera nawo kapena ndisiye? Ndine bambo wa ana atatu, ku Kasungu.

Yankho: Zikomo bambo. Mwana wanuyo ali ndi diso, musamutseke pakamwa. Ayi, sizinali choncho. Makauboyi akuda analipo, ndipo anali ambiri. Anthu a nthenga aja ndiwo anali eni dziko, ndipo pa mkangano waukulu, womwe unali wa malo, olandidwa anali iwowo.

Tiyambe ndi ntchito yeniyeniyo. Nyengo ya makauboyi inali yaifupi, zaka ngati 20 basi, kuchokera mu 1866, nkhondo yapachiweniweni ya ku America itangotha, kufika chapakati pa zaka za m'ma 1880. Ku Texas ng'ombe zinali mbwee koma zopanda msika, pamene m'mizinda ya kumpoto ndi kum'mawa nyama inali pa mtengo. Ndiye ankazikusa, gulu limodzi ng'ombe 2,000 kapena 3,000, n'kuziyendetsa miyezi iwiri kapena itatu mpaka kukafika pa njanji ku Kansas, m'matauni ngati Abilene ndi Dodge City. Inali ntchito ya fumbi, yogona panja, yowolotsa ziweto pa mitsinje yodzaza, malipiro ake madola ngati 30 pamwezi. Kauboyi anali m'busa waganyu wokwera pahatchi, ndipo ana a anthu olemera sankailimbirana ntchito yotere. Luso lake, monga kukola ng'ombe ndi chingwe uli pahatchi, linachokera kwa abusa a ku Mexico amene anaiyamba kalekale. Paja Texas anali mbali ya Mexico mpaka 1836, ndipo California ndi mbali yaikulu ya Arizona ndi New Mexico America anazitenga nkhondo itatha mu 1848.

Ku Texas kunalinso akapolo ambiri oweta ng'ombe za mabwana awo. Ufulu utalengezedwa kumeneko mu June 1865, luso limene anali nalo m'manja linali lomwelo, ndiye ambiri analowa ganyu ya maulendo aja. Akatswiri ambiri a mbiri amati pa makauboyi anayi alionse, mmodzi anali wakuda. Ena amatsitsako chiwerengerocho, koma palibe amene amati kunalibe.

Mayina awo akudziwika. Bill Pickett anatchuka ndi luso lodumpha pahatchi ikuthamanga, kugwira ng'ombe nyanga n'kuipotokola khosi mpaka igwe, masewera amene akuchitikabe lero pa mipikisano ya makauboyi. Koma amene ndimalakalaka mwana aliyense atamudziwa ndi Bass Reeves. Anabadwa kapolo mu 1838. Mu 1875 analembedwa upolisi pansi pa khoti la boma la ku Fort Smith, n'kumasaka zigawenga m'dera limene lero ndi Oklahoma. Anagwira ntchitoyi zaka 32, ankalankhula zinenero za eni dziko a kumeneko, ndipo zimanenedwa kuti anamanga anthu oposa 3,000. Mmodzi mwa iwo anali mwana wake weniweni, amene anali atapha mkazi wake. Chilichonse chimene filimu ya makauboyi imafuna chili mwa munthu ameneyu, komabe m'zaka zonse zija makampani a ku Hollywood ankatulutsa mafilimuwa mazanamazana, sanamukumbukeko.

Ngakhale asilikali a pamahatchi aja, otulukira lipenga likulira, sanali azungu okhaokha. Mu 1866 boma linakhazikitsa magulu a asilikali akuda, awiri mwa iwo a pamahatchi, n'kuwatumiza kumadzulo kwa America, kwa makauboyi komweko. Apa mbiri ndi yowawa, chifukwa anthu ongomasuka kumene ndiwo anatumidwa kukathamangitsa anzawo pa malo awo. Panalinso anthu a ku China. Njanji yoyamba yodutsa dziko lonselo inalumikizidwa ku Utah pa 10 May 1869, ndipo ambiri mwa amene anaboola mapiri a Sierra Nevada kuti idutse anali iwowa. Patangotha zaka 13, mu 1882, boma linaika lamulo loletsa antchito a ku China kulowa m'dzikolo. Mu filimu munthu wa ku China akaonekamo, amakhala wophika kapena wochapa zovala, woti anthu azimuseka.

Nanga anthu onsewa anasowa bwanji?

Mafilimu sanatengere mbiri, anatengera chionetsero. Mu 1883 William Cody, wodziwika kuti Buffalo Bill, anayambitsa chionetsero choyendayenda cha mahatchi ndi mfuti. Pabwalo pankabwera ngolo, eni dziko n'kuiukira akukuwa, kenako azungu n'kutulukira kudzaipulumutsa. Chionetserochi chinafika mpaka ku London mu 1887, ndipo anthu mamiliyoni anadziwira kumadzulo kwa America pamenepo. Kamera itabwera inangolowa m'mapazi omwewo.

Kenako pali nkhani ya ndalama ndi tsankho. M'zigawo za kummwera kwa America akuda ndi azungu sankakhala pamodzi m'nyumba za kanema, ndipo oyang'anira mafilimu kumeneko ankadula mbali zimene wakuda waoneka ngati wofanana ndi mzungu. Wa ku Memphis, Lloyd Binford, anatchuka nazo zimenezi. Kampani yofuna kugulitsa filimu yake dziko lonse inkadziwiratu kuti ngwazi yakuda iitayitsa msika. Komanso kuyambira mu 1934 makampaniwo ankatsatira mwamphamvu malamulo amene anadziikira okha, ndipo limodzi linkaletsa kuonetsa chikondi cha wakuda ndi mzungu. Linachotsedwa mu 1956.

Chimene chimandipweteka ine kwambiri n'chakuti nthawi zina sikunali kuiwala, kunali kusinthanitsa dala. Jim Beckwourth anabadwa kapolo ku Virginia, anakhala zaka zambiri pakati pa anthu a mtundu wa Crow, ndipo mpata wina wodutsira mapiri a ku California uli ndi dzina lake mpaka lero. Mu filimu ya Tomahawk ya mu 1951, mbali yake anasewera ndi mzungu, Jack Oakie. Winanso ndi Britt Johnson, wakuda wa ku Texas. Mu 1864 ankhondo a Kiowa ndi Comanche anapha mwana wake wamwamuna n'kutenga mkazi wake ndi ana awiri. Iye anawalondola mpaka banja lake linabwerera. Ofufuza anapeza kuti nkhani yakeyi ndi imodzi mwa zimene anatsamirapo mlembi wa buku limene linabala filimu ya The Searchers mu 1956. Pa filimupo wolondolayo ndi John Wayne.

Akuda sanangokhala manja lende. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 woimba wina, Herb Jeffries, anasewera kauboyi m'mafilimu a anthu akuda okhaokha, monga The Bronze Buckaroo ya mu 1939. Anali a ndalama zochepa, oonetsedwa m'nyumba za kanema za akuda, ndipo sanali m'gulu la mafilimu amene makampani akuluakulu ankatumiza kunja.

Funso lachiwiri la mwana wanu ndilo lalikulu. Akuda anawachotsamo, koma eni dziko anawasiyamo kuti akhale choopsa. Tengani Stagecoach ya mu 1939, filimu ya John Ford imene inatchukitsa John Wayne. Pa ngolo pali anthu 9, ndipo aliyense tikumudziwa: dokotala chidakwa, mayi woyembekezera amene akulondola mwamuna wake msilikali, mkulu wa banki amene waba ndalama, mtsikana amene amayi a m'tauni amupirikitsa, mnyamata wothawa kundende. Kwa ola lathunthu tikudya nawo, kukangana nawo, mpaka mwana kubadwa. Ankhondo a mtundu wa Apache tikungowamvera dzina la mtsogoleri wawo, Geronimo, lotchulidwa mwamantha. Tikadzawaona, ali pamwamba pa phiri, zii, osalankhula. Akayamba kuthamangitsa ngolo, kamera imakhala kumbali ya apaulendo, ndiye mivi imaoneka ngati ikubwera kwa ife oonera. Zipolopolo zitatha, bambo wina amene watsala ndi chimodzi akuloza mfuti pamutu pa mayi uja, mayiyo ali m'pemphero osadziwa kanthu. Filimu ikutiuza, popanda mawu, kuti kuli bwino afe kusiyana ndi kugwidwa ndi anthu amenewa. Kenako bamboyo akuomberedwa, mfuti ikugwa, lipenga likumveka, asilikali atulukira. Ndani sangaombe m'manja? Filimuyi inapangidwa mwaluso kwambiri, ndipo luso lomwelo ndi limene limatiiwalitsa kufunsa chimene a Apache akwiyira.

Zili ngati mlandu wa malo pabwalo la amfumu, pomwe mbali imodzi yalankhula tsiku lonse, kulira ndi kuitana mboni, pamene inayo angoionetsa patali itanyamula nkhwangwa. Tiyeni timveko mbali inayo. Geronimo amayi ake, mkazi wake ndi ana ake atatu anaphedwa ndi asilikali a Mexico m'zaka za m'ma 1850. Pamene ankadzipereka mu 1886, gulu lake linali losakwana anthu 40, likusakidwa ndi asilikali a America pafupifupi 5,000. Anamwalira mu 1909 ku Fort Sill akadali mkaidi, osaloledwa kubwerera kwawo. Mu November 1864 ku Sand Creek, ku Colorado, asilikali anaukira msasa wa a Cheyenne ndi a Arapaho amene ankadziona kuti ali pa mtendere ndi boma, n'kupha anthu 150 kapena kuposerapo, ambiri amayi ndi ana. Mu December 1890 ku Wounded Knee anapha a Lakota oposa 200. Njati za kumeneko, zimene zinali chakudya, chovala ndi nyumba kwa mitundu ya m'zigwa, zinalipo mamiliyoni makumi angapo, koma pofika mu 1889 zinatsala ngati 1,000. Mu 1868 boma linasaina pangano lakuti mapiri a Black Hills ndi a anthu a Lakota. Golide atapezeka mu 1874, linawalanda mu 1877. Mu 1980 khoti lalikulu la America linagamula kuti malowo anatengedwa molakwika n'kulamula chipukutamisozi choposa madola 100 miliyoni. Eni ake anakana kulandira ndalamazo, akuti akufuna mapiri awo.

Sindikunena kuti eni dziko sanaphe anthu. Ankaukira mafamu, kupha mabanja ndi kutenga ana. Cynthia Ann Parker anatengedwa ndi a Comanche mu 1836 ali kamtsikana, anakulira komweko, ndipo mwana wake Quanah anadzakhala mtsogoleri wawo. Nkhondo inali yankhanza mbali zonse. Koma inkachitikira pa malo a ndani? Filimu imayambira pomwe muvi waponyedwa, n'kusiya pangano lomwe linaswedwa dzulo lake.

Miyala italiitali yofiira imene mumaiona m'mafilimu a Ford ili ku Monument Valley, m'malire a Arizona ndi Utah, ndipo ndi dziko la a Navajo. Makolo a anthu a mtunduwu anayendetsedwa wapansi mu 1864, anthu oposa 8,000, mtunda wa makilomita ngati 500, kupita ku msasa wa Bosque Redondo komwe ambiri anafera, ndipo otsala anabwerera mu 1868. Zidzukulu zawo ndizo Ford ankazilemba ganyu. Lero akhale a Apache, filimu ina akhale a Comanche, ina a Cheyenne. Ndalamayo inkawathandizadi, makamaka m'zaka za umphawi za m'ma 1930, ndipo ambiri ankamulemekeza Ford. Koma ntchito yawo inali kukuwa ndi kugwa pahatchi. Mbali yolankhula ikapezeka, inkapita kwa mzungu wopakidwa utoto ndi kuvekedwa wigi. Mu Broken Arrow ya mu 1950, mfumu Cochise anasewera ndi Jeff Chandler wa ku Brooklyn. Burt Lancaster anakhala wa Apache mu 1954, Rock Hudson chimodzimodzi chaka chomwecho. Mfumu ya a Comanche mu The Searchers ndi Henry Brandon, wobadwira ku Berlin, wa maso a buluu. Ndipo munthu amene Amereka ambiri ankamuona ngati nkhope yeniyeni ya eni dziko, Iron Eyes Cody, makolo ake anali ochokera ku Sicily, ku Italy, zomwe nyuzipepala ina ya ku New Orleans inaulula mu 1996.

Mitundu ya eni dziko ilipo mazana, yosiyana zinenero, nyumba ndi kadyedwe. Ena anali alimi a chimanga okhala m'midzi, ena asodzi. Hollywood inatenga chisoti cha nthenga ndi tenti yosongoka za mitundu ya m'zigwa n'kuveka aliyense. Jay Silverheels, wa mtundu wa Mohawk wochokera ku Canada, anali mmodzi mwa ochepa amene anapeza ntchito yokhazikika, monga Tonto, wothandizira ngwazi yachizungu, pa wailesi ya kanema kuyambira 1949 mpaka 1957. Ankalankhula Chingerezi bwinobwino, koma ankamulembera chothyokathyoka, ndipo ntchito yake inali kutsatira mzungu pambuyo. A Navajo anapeza njira yawo yobwezera. Poti panalibe wowamva, akauzidwa kuti alankhule chinenero chawo pa kamera, ena ankanena nthabwala ndi zonyoza asilikali aja. Filimuyo ikaonetsedwa kwawo, anthu ankafa ndi phwete pomwe azungu akuona kuti ndi pomvetsa chisoni.

Anthu a ku Mexico nawo anagawiridwa mbali ziwiri: chigawenga choseka mwankhanza, kapena mlimi wamantha. Mu The Magnificent Seven ya mu 1960, mudzi wonse ukulephera kudziteteza mpaka kukalemba ganyu amfuti kutsidya la malire, ndipo mkulu wa zigawenga ndi Eli Wallach wa ku New York. Amene anaswa chizolowezi chimenechi ndi Katy Jurado mu High Noon ya mu 1952. Akusewera mayi wa bizinesi zake, wosaopa munthu, amene akuona mantha a tauni yonse msanga kuposa aliyense. Mwana wanu wamkazi amuonetsetse mayi ameneyu, chifukwa amayi ambiri m'mafilimuwa amangokhala aphunzitsi odikira kukwatiwa kapena atsikana a m'bala. Mkazi wa eni dziko akakwatiwa ndi ngwazi, kawirikawiri amafa filimu isanathe, monga zilili mu Broken Arrow momwemo.

Komatu si bwino kuwaika onse m'thumba limodzi. Broken Arrow, ngakhale ili ndi zofooka zimenezi, inaonetsa a Apache ngati anthu a malamulo awo, osunga pangano. Ford mwiniwake anasintha pang'onopang'ono. Mu The Searchers, John Wayne si ngwazi yoyera mtima. Ndi munthu wodwala chidani, woombera maso a mtembo, woombera njati kuti a Comanche afe ndi njala, wofunafuna mwana wa m'bale wake kuti akamuphe chifukwa wakhala mkazi wa mfumu yawo. Filimu ikufuna kuti timuope. Mfumu ija imapatsidwanso mpata wonena kuti azungu anaiphera ana ake awiri. Koma filimu yomweyo ili ndi malo pomwe mkazi wa Comanche akumenyedwa theche n'kugubuduzika kutsetsereko, ndipo anakonza kuti tiseke. Zonse ziwirizi zili mu filimu imodzi.

Mu 1960 Ford anapanga Sergeant Rutledge, nkhani ya msilikali wakuda wa pahatchi woimbidwa mlandu wogwiririra ndi kupha mtsikana wachizungu, pamene wolakwa anali mzungu. Woody Strode ndiye mwini filimuyo, ngakhale dzina lake linalembedwa pansi pa mayina a azungu. Patapita zaka ziwiri, mu The Man Who Shot Liberty Valance, Strode akusewera wantchito dzina lake Pompey. Pali kamphindi kamene ndimakakonda. Pompey, munthu wamkulu, ali m'kalasi limodzi ndi ana, ndipo aphunzitsi amuuza kuti anene pamtima mawu a chikalata cha ufulu wa America. Waimirira, chithunzi cha Abraham Lincoln chili pakhoma kumbuyo kwake. Wayamba bwino, koma pofika pa mawu akuti anthu onse analengedwa ofanana, wakakamira. Akupepesa, aphunzitsi n'kumuyankha kuti anthu ambiri amaiwala pomwepo. Kutsogolo kwa filimu yomweyo, Pompey akulowa m'bala kukatenga bwana wake, wogulitsa n'kukana kumupatsa chakumwa. Ford ankadziwa chimene ankanena. Filimu yake yomaliza ya makauboyi, Cheyenne Autumn ya mu 1964, inafotokoza ulendo wa a Cheyenne othawa ku Oklahoma mu 1878 kubwerera kwawo kumpoto. Mtima wake unali kumbali yawo, komabe mbali za mafumu awiri a Cheyenne anasewera ndi Ricardo Montalbán ndi Gilbert Roland, onse obadwira ku Mexico.

Mudzamva ena akuti anthuwo anali a nthawi yawo, sakanachitira mwina. Ine sindivomereza kwenikweni. Mu 1914 Lillian St. Cyr, mayi wa mtundu wa Ho-Chunk, anasewera mbali yaikulu mu The Squaw Man. Mu 1920 ku Oklahoma kunajambulidwa The Daughter of Dawn, yomwe osewera ake onse, pafupifupi 300, anali a Kiowa ndi a Comanche, kuphatikizapo ana awiri a Quanah Parker. Ndiye kuti zinali zotheka kuyambira pachiyambi. Anthu anachita kusankha.

Tsono za malemu bambo anu. Ku Copperbelt, komwe anthu ambiri a ku Nyasaland ankagwira ntchito, kanema ankaonetsedwa panja m'makomboni, ndipo mafilimu a makauboyi ndiwo ankakondedwa kuposa ena onse. Hortense Powdermaker, mayi wa ku America wofufuza za chikhalidwe, anakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954 n'kumaonera nawo. Ngwazi iliyonse anthu ankangoitcha Jack. Nkhonya zikayamba, amuna ankaimirira, kukuwa ndi kuponya nawo zibakera m'mwamba, ndipo ana m'misewu ankasewera ndi mfuti zamitengo. Mafilimuwo ankafika atadulidwadulidwa ndi bungwe la atsamunda loyang'anira zimene Aafirika ayenera kuonera, Chingerezi chake chovuta kumva, phokoso la anthu pamwamba, moti nkhani yake aliyense ankadzilukira yekha. Chimene ankakonda ndi munthu wolimba mtima, wodziwa nkhonya, wosagwadira aliyense, ndipo kwa munthu amene tsiku lonse wakhala akukalipiridwa pansi pa mgodi, chimenecho sichinali chaching'ono. Pa zinthu zimene malamulo a ku Northern Rhodesia (Zambia ya lero) ankati zidulidwe panali malo oonetsa azungu akugwidwa ndi kumangidwa ndi eni dziko, ndipo anachita kutchula kuti ngakhale a ku North America. Atsamunda anaona msanga kuti munthu wolandidwa malo kuno akhoza kudzizindikira mwa anthu a nthenga aja. Choncho musawaone bambo anu ngati munthu wopusitsidwa. Anatengamo chimene chinali chowathandiza pa moyo wawo, mu filimu imene ena anali atachita kale kuwasankhira zoti aone.

Ndiye musasiye kuonera. Mukabisa mafilimuwa, chithunzi chawo anawo adzakumana nachobe m'makatuni, m'magemu ndi m'mafilimu a nkhondo a masiku ano, momwe adani amabwera m'chigulu, opanda dzina, olankhula zosamveka. Kuli bwino aphunzire kuchizindikira muli pomwepo. Mpatseni mwanayo pepala, alembe anthu onse amene filimu yawapatsa dzina, amene yationetsa kwawo ndi abale awo, ndi amene akafa nyimbo imasintha kuti timve chisoni. Akatero ayang'ane amene atsala. Kuwerenga nkhope zakuda ndi zoyera kokha sikukwanira, chifukwa filimu ikhoza kudzaza eni dziko 500 koma osapatsa ngakhale mmodzi mpata wofotokoza mbali yake.

Mukaonera Stagecoach, tsatizani ndi Sergeant Rutledge, kenako Buck and the Preacher ya mu 1972, imene Sidney Poitier anatsogolera n'kuseweramo pamodzi ndi Harry Belafonte. Imanena za mabanja a akapolo omasulidwa amene akupita kumadzulo kukafuna malo, akusakidwa ndi anthu ofuna kuwabwezera m'minda ya thonje, ndipo eni dziko a mmenemo amakambirana nawo ngati anthu odziwa chimene akufuna. Dances with Wolves ya mu 1990 inachita bwino kulola a Lakota kulankhula chinenero chawo, ngakhale kuti pakati pa nkhani pali mzungu ndithu. Ngati mungaipeze Reel Injun ya mu 2009, filimu yofotokoza mbiri yonseyi imene anapanga Neil Diamond wa mtundu wa Cree ku Canada, mudzamva eni akewo akunena mmene zinkawakhudzira ali ana, ndipo muli malo pomwe anamasulira zimene a Navajo aja ankanena pa kamera. The Searchers muonere ndi wa Fomu 3 yekhayo, inu mutayamba mwaionera nokha. Aang'onowo adikire kaye, chifukwa muli kupha ndi chidani zimene zimafuna munthu woti mungathe kukambirana naye pambuyo pake.